Nyama yauma kunja koma mkati ikadali yofewa: kukonza chinyezi m'kafiriji koumitsira nyama

Aliyense amene wasandutsa firiji yaing'ono kukhala malo oumitsira nyama yothira mchere, monga coppa, bresaola, pancetta kapena salami, amakumana ndi vuto limodzi lomwe silichedwa kubweranso ngakhale ataganiza kuti walithetsa. Nyama imauma msanga pamwamba, n'kupanga khungu lolimba, pomwe mkati mukadali madzi. Mukaidula mumapeza mzere wakuda ndi wolimba kuzungulira m'mphepete, koma pakati pali pofewa, nthawi zina ponunkha mwachilendo. Zili ngati matope a padambo omwe dzuwa lawaumitsa pamwamba, koma mukapondapo phazi limamira.

Chimene chimachitika n'chakuti madzi a mkati mwa nyama amayenda pang'onopang'ono kupita pamwamba, kenako mpweya n'kuwatenga. Mpweya ukamatenga madzi mofulumira kuposa mmene mkatimo mukuwatumizira, pamwamba pamauma, timipata ta mnofu timatsekeka, ndipo madzi otsalawo amasowa potulukira. N'chifukwa chake oumitsa nyama amasunga kachipindako pa madigiri a Celsius 10 mpaka 15, ambiri amakonda 12 kapena 13, ndi chinyezi cha 70 mpaka 80 peresenti, ndi kamphepo kochepa kwambiri. M'chipinda chachikulu manambala amenewa amakhazikika okha chifukwa mpweya ndi makoma n'zochuluka. M'kafiriji kakang'ono zinthu sizikhala choncho. Mpweya ndi wochepa, ndiye kompresa (injini yoziziritsa firiji) ikangoyaka kapena nyama yatsopano ikangolowa, chinyezi chimalumpha kapena kugwa. Ndikuona kuti ambiri amathamangira kugula zipangizo zina asanadziwe chimene chikusuntha chinyezicho, ndipo pamenepo m'pamene nthawi ndi nyama zimatayikira.

Yambani ndi kukayikira chopimira

Musanasinthe kanthu, tsimikizani kuti chopimira chinyezi chikunena zoona. Zopimira zotsika mtengo zimatha kuphonya ndi mapointi angapo, ndipo m'ntchito imeneyi kusiyana kwa 68 ndi 75 n'kokwanira kulimbitsa khungu la nyama. Kuchiyesa sikuvuta. Thirani mchere wamba m'kachivindikiro, mudonthezemo madzi pang'ono mpaka unyowe koma osasungunuka wonse. Ikani kachivindikiroko ndi chopimiracho m'chidebe chotseka bwino, muzisiye pamalo osasinthasintha kutentha kwa maola 12 mpaka 24. Mpweya wa pamwamba pa mchere wonyowa umakhazikika pa 75 peresenti. Chopimira chikaonetsa 81, dziwani kuti chimawonjezera 6, ndipo masiku onse amene mumaganiza kuti nyama ili pa 75 inali pa 69. Lembani kusiyanako pa chopimiracho, kapena mukonze pa makina owongolera chinyezi (oyatsa ndi kuzimitsa zipangizo motsatira nambala imene mwatchera) ngati ali ndi posinthira. Bwerezani kuyesaku pakapita miyezi, chifukwa sensa (kachipangizo komva chinyezi ka chopimiracho) yokhala m'chinyezi nthawi yaitali imayamba kusokera.

Malo amene mwapachika sensa nawonso ndi nkhani. Ikakhala pafupi ndi humidifier (kamakina kopopera nthunzi kuti chinyezi chikwere), imanyowa ndi nthunzi n'kuuza makina kuti chinyezi chakwana pomwe kumene kuli nyama n'kouma. Ikagunda khoma lozizira lakumbuyo, imawerenga mame. Ipachikeni pakati, pamsinkhu wa nyamayo, isakhudze nyama kapena khoma.

Kompresa ndi imene ikuyamwa madzi

Firiji ikamaziziritsa, pamakhala mbali ina yozizira kwambiri kuposa mpweya wa mkati. Nthunzi ikagunda pamenepo imasanduka madontho kapena ayezi, ndiye kuti madziwo achoka mumpweya. Choncho nthawi iliyonse kompresa ikayaka chinyezi chimatsika, ikazima chimayambanso kukwera. Kukwera ndi kutsika kumeneku sikutha, ndipo sikuti makina awonongeka. Chofunika kudziwa ndi kuya kwa kutsikako komanso kutalika kwa nthawi yake. Kugwera pa 65 kwa mphindi zochepa n'kubwerera sikuvulaza nyama. Kukhala pa 60 kwa theka la tsiku kumaivulaza. Kuyang'ana nambala kamodzi m'mawa sikungakuuzeni zimenezi. Pezani chopimira chosunga mbiri ya tsiku lonse, kapena khalani nayo firijiyo kwa maola angapo mukulemba nambala kompresa ikamayaka ndi ikamazima.

Mtundu wa firiji umasintha zambiri. Firiji yosaunjika ayezi ili ndi fani yake yoyendetsa mpweya kudutsa pa mapaipi ozizira, ndipo madzi osungunuka amatuluka kunja. Imeneyi imaumitsa mpweya mwamphamvu, moti pafupifupi nthawi zonse imafuna humidifier. Ubwino wake ndi wakuti chinyezi chikachuluka imachichotsa yokha. Firiji ya khoma lozizira kumbuyo, yopanda fani, siiumitsa kwambiri, koma madzi amatsikira pakhomapo, ndipo kabowo kotulutsira madzi kakatsekeka amadikha pansi. Timafiriji ta vinyo tosagwiritsa ntchito kompresa, todalira mbale ya Peltier yoziziritsa ndi magetsi, timasunga bwino madigiri 12 ngati chipinda sichikutentha kwambiri, koma sititha kuchotsa madzi ochuluka, ndiye vuto lake limakhala chinyezi chopitirira.

Kompresa ikamayaka pafupipafupi, mpweya sumapeza mpata wobwezeretsa chinyezi. Onani zinthu zitatu izi. Choyamba ndi mmene mwatcherera makina owongolera kutentha, monga Inkbird ITC-308 imene ambiri amagwiritsa ntchito: mukatchera kuti firiji iziyaka kutentha kukangokwera pang'ono pokha, imangokhalira kuyaka ndi kuzima. Lolani mpata wa digiri imodzi kapena imodzi ndi theka, ndipo ikani nthawi yodikira ya mphindi zosachepera zitatu kompresa isanayakenso, zomwe zimaitetezanso kuti isapse. Chachiwiri ndi kuchepa kwa zinthu zosunga kuzizira mkatimo. Mabotolo awiri kapena atatu a madzi otseka bwino, oikidwa pansi, amachedwetsa kutentha kukwera, ndipo amathandizanso magetsi akazima. Chachitatu n'chimene chimavutitsa anthu okhala mopanikizana: firiji yokankhidwira pakona, kumbuyo kwagunda khoma, kapena yotsekeredwa m'kabati, siitha kutaya kutentha kwake. Imalimbana nthawi yaitali kuti izizire, ndipo nthawi yonseyo ikuyamwa madzi m'nyama yanu. Siyani mpata kumbuyo ndi m'mbali, pukutani fumbi pa mapaipi akumbuyo, ndipo musaiike pafupi ndi chitofu kapena pawindo lowomba dzuwa. Yesaninso labala wa chitseko: tsekerani kapepala pachitseko n'kukakoka. Kakasololoka mosavuta, mpweya wofunda ukulowa.

Mphepo yochuluka

Apa m'pamene ndimaona anthu akulakwiridwa ndi malangizo abwino omwe analembedwera zipinda zazikulu. Amamva kuti mpweya uyenera kuyenda, n'kuika fani ya kompyuta yoyaka usana ndi usiku m'kafiriji kotalika kufika m'chiuno. M'malo aang'ono chotere, fani imeneyo ikuwomba nyama mwachindunji, ndipo ngakhale chopimira chizionetsa 78, pamwamba pa nyamayo pakuuma ngati pali 60. Chizindikiro chake n'chosabisika: mbali imodzi ya nyama imakhala yolimba ndi yakuda kuposa inzake, kapena zidutswa zoyandikira fani zimauma pomwe zakutali zili bwino.

Ngati firiji yanu ili kale ndi fani yake, kawirikawiri simufunikanso ina. Onani kumene mphepo yake imatulukira, muikepo kambale ka pulasitiki koyera koti kaipatutsire kukhoma, osatseka bowolo. Ngati mulibe fani ndipo mukuona kuti mpweya waima, ikani yaing'ono yoyang'ana kukhoma kapena pansi, iziyaka mphindi zochepa pa ola. Pachikani kaulusi pafupi ndi nyama: kazingogwedezeka pang'ono, kasamauluke. Muzisinthanso malo a zidutswazo sabata iliyonse, zakumbuyo zibwere kutsogolo.

Kuchuluka kwa nyama kumasintha zonse

Nyama yokha ndi imene imatulutsa madzi ambiri m'kachipindako, ndipo mfundo imeneyi imafotokoza chifukwa chake makina omwe anayenda bwino mwezi watha akulephera lero. Chidutswa chimafunika kutaya pafupifupi 30 mpaka 40 peresenti ya kulemera kwake. Makilogalamu asanu akataya 35 peresenti, ndiye kuti madzi okwana lita imodzi ndi mamililita 750 adutsa mumpweya wa kafirijiko, ndipo ambiri mwa iwo amatuluka m'masabata oyambirira. Pa nthawi imeneyo chinyezi chimakwera kupitirira 85, humidifier siyakanso, makoma amachita thukuta. Pakapita masabata nyamayo imachepetsa kutulutsa madzi, chinyezi n'kuyamba kugwa, ndipo munthu amene anazimitsa humidifier poyamba paja amadzazindikira khungu litalimba kale.

Kachidutswa kamodzi kokha m'firiji yopanda kanthu ndi kovuta kwambiri kukasamala, chifukwa palibe chobweza madzi amene kompresa ikuchotsa. Kudzaza mpaka zidutswa kugundana nakonso n'koipa, pakuti pogundanapo pamakhala ponyowa ndipo chuku choipa chimayambira pamenepo. Ine ndimakonda kulowetsa nyama pang'onopang'ono, yatsopano ikamalowa ina ili pakati pa ulendo, kuti yonyowa izithandiza youma. Ndipo chinyezi chokwera pa 80 mpaka 85 m'masiku oyamba musachiope. Nyama yatsopano imafuna kuyamba pamalo onyowerapo, kenako muzitsitsa pang'onopang'ono kulowera ku 75.

Chinyezi chikakana kutsika

Vutoli lili ndi mbali yake ina. Nyengo yozizira ikafika, kapena firiji ikakhala m'chipinda chozizira kale, kompresa siikhalanso ndi chifukwa choyakira. Popeza ndi iyo imachotsa madzi, chinyezi chimakwera kufika 90 n'kukhala pomwepo. Nyama imayamba kumata ndi kuterera, kulemera sikutsika, chuku cha mitundumitundu chimamera. Ambiri amagula kamakina kakang'ono koyamwa chinyezi, koma tambiri mwa timakina timeneti timagwira ntchito mofooka pa madigiri 12, ndipo timadya malo omwe ndi ochepa kale. Njira imene imathandiza kwambiri ndi kuika kotenthetsera kamphamvu yochepa, monga kamphasa kotenthetsera mbande kapena kababu kophimbidwa kuti kuwala kusafike pa nyama, kolumikizidwa ku makina owongolera chinyezi pamalo a choyamwa chinyezi. Chinyezi chikakwera kamayaka, mkati mumafunda pang'ono, kompresa imayaka n'kuyamwa madziwo. Kuphimba babu n'kofunika chifukwa kuwala kumafulumizitsa mafuta a nyama kuwonongeka ndi kuyamba fungo. Onetsetsaninso kuti kabowo kotulutsira madzi n'kotseguka, ndipo pukutani madzi odikha pansi. Kutsegula chitseko mphindi imodzi kapena ziwiri tsiku lililonse kumatulutsa mpweya wokhalitsa ndi kafungo ka amoniya komwe chuku choyera chimapanga.

Za humidifier yeniyeniyo, zolakwika zake n'zochepa koma zimabwerezeka. Sankhani yaing'ono, yotulutsa nthunzi yozizira, ya batani lopotokola kapena lokhala pamene mwalisiya. Zoyatsa mongokhudza siziyakanso zokha makina owongolera akazidulira magetsi n'kuwabwezeretsa, ndiye zimangokhala chete nyama ikuuma. Itchereni pa mphamvu yotsika, chifukwa m'malo aang'ono nthunzi yamasekondi ochepa imakweza chinyezi kupitirira kumene mumafuna. Siyani mpata pakati pa poyakira humidifier ndi poyakira choumitsa, kuti ziwirizi zisamalimbane. Nthunzi isalunjike pa nyama. Gwiritsani ntchito madzi oyeretsedwa (distilled), opanda miyala ya mchere, popeza madzi olimba amasiya kafumbi koyera pa nyama ndi pa sensa, ndipo tsukani thanki yake sabata iliyonse, chifukwa chilichonse chomera m'madzimo chimapoperedwa pa chakudya chanu.

Chenjezo limodzi lokhudza nthambo: musaboole m'mbali kapena kumbuyo kwa firiji mosadziwa. M'makoma ambiri mumadutsa mapaipi a gasi, ndipo mafiriji ambiri amakono amagwiritsa ntchito R600a, yomwe imayaka moto. Dutsitsani nthambo zopyapyala pa labala wa chitseko, mbali ya mahinji, n'kumata kampata kotsalako.

Kupulumutsa nyama yomwe yalimba kale

Sikelo ndi imene imakuuzani msanga kuti zinthu zasokonekera. Pimani chidutswa chilichonse tsiku lomwe mukuchipachika, lembani kulemera kwake ndi kulemera kumene mukufuna chifike pa kapepala komangirira. Cha magalamu 1,200 chikataya 35 peresenti chimafika pa 780. Muzipima sabata iliyonse. Kulemera kumatsika msanga poyamba, kenako pang'onopang'ono. Kukaima msanga chidutswa chikadali kutali ndi nambala yake, kunja kuli gwa koma mukafinya mukumva kufewa pakati, khungu latseka.

Mukazindikira msanga, kwezani chinyezi kufika 80 kapena 85 kwa masiku angapo, zimitsani fani, muone ngati kulemera kuyambanso kutsika. Ngati nyamayo yayandikira kale kulemera komwe mumafuna koma m'mphepete ndi molimba, pukutani chuku chonse, itsekereni m'thumba lochotsedwa mpweya, muiike m'firiji wamba yozizira pansi pa madigiri 4 kwa masabata atatu kapena kuposerapo. Madzi apakati amayenda kupita kunja, khungu limafewa, chidutswa chonse chimafanana. Ikakhala kuti sinafike kulemera kwake, ibwezereni kukapachikidwa ikatuluka m'thumbamo.

Pali nyama yosapulumutsika, ndipo pamenepa sindinyengerera. Mukadula n'kupeza pakati potuwa kapena pobiriwira, poterera, ponunkha chovunda, kapena salami yokhala ndi mphako mkati momwe mwamera chuku, tayani yonse. Kuphika sikuchotsa mitundu yonse ya poizoni amene mabakiteriya angakhale atapanga, mwachitsanzo wa Staphylococcus aureus amapirira moto.

Pofuna kuti zisadzabwererenso, tetezani pamwamba pa nyama. Mnofu wopanda mafuta, monga wa bresaola, umauma msanga kuposa wokutidwa ndi mafuta kapena chikopa, choncho ukulungeni m'thumbo la ng'ombe kapena m'kansalu ka kolajeni (kachikopa kopyapyala kokulungira nyama), mubaye timabowo totulutsa mpweya wotsekeredwa. Opanga prosciutto (ntchafu ya nkhumba youmitsa) ku Italy amapaka pamnofu woonekera mafuta a nkhumba osakaniza ndi mchere ndi tsabola, otchedwa sugna, pa chifukwa chomwechi. Zidutswa zonenepa kwambiri zimafuna nthawi yaitali ndi chinyezi chokhazikika chomwe kafiriji kakang'ono kamavutika kupereka, ndiye yambani ndi zapakatikati.

Chuku: chabwino ndi choipa

Chuku choyera, chosalala, chooneka ngati ufa, ndi chothandiza. Mtundu wa Penicillium nalgiovense umagulitsidwa kuti muzipopera dala pa thumbo la nyama. Chikakuta chidutswa chonse chimachedwetsa kuuma kwa pamwamba, chimatchinga kuwala, ndipo chimalanda malo omwe chuku china chikanamerapo. Chikamakana kumera, kawirikawiri ndiye kuti mpweya ndi wouma kapena mphepo yachuluka, kapenanso munachisungunula m'madzi okhala ndi kolorini. Timadontho tochepa tobiriwira pamwamba pa thumbo tipukuteni ndi nsalu yoviika mu viniga, muone chimene chikusunga chinyontho pamenepo. Chuku chakuda, chachikasu, chofiira kapena chaubweya wautali chikalowa mkati mwa mnofu kapena m'ming'alu, chidutswacho chichoke, ndipo firiji yonse muitsuke ndi kuiumitsa musanabwezeremo zina.

Zimene makina sangakonze

Kachipinda kokhazikika bwino sikateteza nyama yomwe sinathiridwe mchere wokwanira. Pimani ndi sikelo ya magalamu, osati ndi supuni. Pa kilogalamu imodzi ya nyama, mchere ukhale magalamu 25 mpaka 30. Nyama youmitsa nthawi yaitali imathiridwanso mchere wapadera wotchedwa Cure #2, wokhala ndi 6.25 peresenti ya sodium nitrite pamodzi ndi sodium nitrate, pa mlingo wa magalamu 2.5 pa kilogalamu. Ntchito yake yaikulu ndi kuletsa Clostridium botulinum, bakiteriya yopanga poizoni woopsa, yomwe imakula kumene kulibe mpweya. Musapitirire mlingowo, chifukwa nitrite yochuluka ndi poizoni. Werengani zolembedwa papaketi nthawi zonse: mchere wa nitrite wogulitsidwa m'mayiko ambiri a ku Ulaya uli ndi pafupifupi theka la peresenti yokha ndipo mlingo wake ndi wosiyana kotheratu, pomwe mchere wa pinki wa ku Himalaya si mchere wotetezera nyama ngakhale mtundu ukufanana.

Salami ili ndi zofuna zake zapadera. Nyama yogayidwa imalowetsa mabakiteriya a pamwamba pa nyama mkati monse, choncho imayenera kuyamba yasasa ndi mabakiteriya abwino othiridwa dala, pamalo ofunda ndi chinyezi cha pafupifupi 90 peresenti, mpaka pH (nambala yomwe imatsika nyama ikamawawasa) itatsika pansi pa 5.3, isanalowe m'kachipinda kozizira. Kutentha ndi nthawi yake zimadalira mtundu wa mabakiteriya amene mwagula, ndipo popanda chopimira pH mukungoyerekeza. Ngati kafiriji kanu kakadali kusinthasintha chinyezi, pachikani kaye mnofu wathunthu monga lonza kapena coppa, womwe mkati mwake mumakhala motetezeka, ndipo salami idikire mpaka mutaona chidutswa chimodzi chikufika kulemera kwake chili chofanana kuyambira m'mphepete mpaka pakati. Nyama ya nkhumba zakutchire ndi nyama zina zosakidwa imatha kukhala ndi tinyongolotsi ta Trichinella, ndipo mitundu ina ya tinyongolotsiti siifa ndi kuundanitsa, choncho imeneyo musaiumitse kuti muidye yosaphika.